Ngongole ya pa foni ndi ngongole ndithu

Nkhani ya mwezi uno ikukhudza achinyamata athu amene akugwira ntchito kuno ku South Africa, kaya kotsuka magalimoto, m'malesitanti, m'nyumba za mabwana, m'minda ya mphesa ku Western Cape kapena pa zomangamanga ku Gauteng. Ambiri a iwo sagwiranso ndalama m'manja. Malipiro amalowa mu akaunti, foni imalira, ndipo lendi, magetsi, mayunitsi ndi yotumiza kumudzi, zonse zimachoka pongodina ndi chala. Koma madandaulo amene tikulandira masiku ano akufanana kwambiri. Munthu wagwira ntchito mwezi wathunthu, pofika pa 5 mu akaunti mulibe kanthu, ndipo mwini wakeyo sakutha kufotokoza kumene ndalama yalowera. Tikakhala naye pansi n'kuwerenga sitetimenti ya kubanki, timapeza kuti malipirowo adadyedwa kale asanalandiridwe.

Agogo athu amene ankabwera kumigodi pa Wenela, gawo lina la malipiro awo linkasungidwa kuti akalandirire kumudzi kontrakiti ikatha. Ndalama inkafika thukuta litauma kale. Lero zatembenuka: foni ikutha kukupatsani ndalama ya mwezi wamawa musanaigwirire ntchito. Ndiye tiyeni tione momwe zinthuzi zimayendera, mtengo wake weniweni, komanso zomwe malamulo a dziko lino akunena.

Zabwino zake tisazikane

Kusunga ndalama mu akaunti n'kwabwino kuposa kuisunga pansi pa matiresi. Tonse tikudziwa za anthu amene adalandidwa malipiro Lachisanu madzulo akutsika taxi, kapena amene ndalama yawo idapsera mu mkhukhu. Kuyambira mu Epulo 2024, ndalama za munthu zosungidwa kubanki yovomerezeka zimatetezedwa mpaka R100,000 ngati bankiyo itagwa. Sitetimenti ndi umboninso: bwana akakuponderezani pa malipiro, pepala losonyeza zomwe zakhala zikulowa mwezi ndi mwezi limakuthandizani ku CCMA. Kutumiza kumudzi nakonso kudaphweka. Kudzera ku Mukuru, Mama Money kapena Hello Paisa, ndalama imafika pa Airtel Money kapena TNM Mpamba tsiku lomwelo, osadikiranso basi kuti idutse pa Mwanza. Nayo PayShap, yomwe idayamba mu Malichi 2023, imasamutsa ndalama kuchoka kubanki ina kupita kubanki ina nthawi yomweyo.

Vuto ndi lakuti ndalama ya pa foni siwawa potuluka. Mukatulutsa R200 m'thumba, maso amaona, dzanja limamva, chenji mumawerenga. Mukangogunditsa khadi pa makina, palibe chimene chimasuntha mumtima. Ndipo mu app yomweyo imene mukuonera ndalama yanu, muli batani lina lokuuzani kuti mukhoza kukongola. Pagona nkhani ndi pamenepo.

Zimayamba ndi mayunitsi

Ngongole yoyamba ya achinyamata ambiri ndi ya mayunitsi. Kumudzi tidazolowera Kutapa ndi Pasavute. Kunonso makampani a mafoni amakongoza mayunitsi ndi data, n'kuikapo kandalama kena pamwamba. Tiyerekeze kuti pa R10 iliyonse akuonjezera R1. Ikuoneka yochepa, eti? Koma ndi 10 peresenti pa ngongole ya masiku awiri kapena atatu. Choipa chenicheni ndi chizolowezi chake: mukagula mayunitsi ena, amayamba adula kaye ngongole ija, otsalawo sakwana, ndiye mumakongolanso. Munthu amaphunzira kukhala kumbuyo ndi sitepe imodzi, ndipo chizolowezicho amapita nacho ku zinthu zikuluzikulu.

Tengani lero, mulipire pang'onopang'ono

M'masitolo ambiri ndi pa intaneti muona zikwangwani za PayJustNow, Payflex ndi ena otere. Mumatenga katundu lero mutalipira gawo limodzi, zotsalazo amadzadula pa khadi lanu, ena m'magawo atatu mwezi ndi mwezi, ena m'magawo anayi pakatha masabata awiri aliwonse. Amanena kuti palibe chiwongola dzanja, ndipo mukalipira pa nthawi yake n'zoonadi: kampaniyo imapeza phindu kuchokera kwa mwini sitolo. Koma mukachedwa pamabwera chindapusa, ndipo ngongoleyo ikhoza kuperekedwa kwa otolera ngongole.

Msampha wake uli pa kuunjika. Tiyerekeze mnyamata watenga foni ya R3,000, nsapato za R1,200 ndi jekete ya R900 mwezi umodzi, zonse zolipira katatu. Chilichonse pachokha chikuoneka chopepuka: R1,000, R400, R300. Kuphatikiza ndi R1,700 pa mwezi, kwa miyezi itatu. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ndi boma kuyambira mu Malichi 2025 adali R28.79 pa ola, kutanthauza pafupifupi R5,600 pa mwezi kwa wogwira maola 45 pa sabata. Chotsanipo R1,700 ija, lendi, thiransipoti ndi ya kumudzi, muone chotsala cha ufa ndi ndiwo. Masiku odulanso sagwirizana ndi tsiku lamalipiro, makamaka kwa ogwira maganyu amene sabata ina amaitanidwa masiku atatu okha.

Kale tinali ndi lay-by, ndipo m'masitolo ena ikadalipo: mumalipira pang'onopang'ono katundu ali kusitolo, n'kudzamutenga mukamaliza. Zikavuta, mumangotaya mwayi wa katunduyo ndi kachindapusa kochepa. Pa njira yatsopanoyi katundu ali kale m'manja mwanu, mwina wang'ambika kapena wabedwa, koma ngongole ikadali moyo.

Ngongole ya pa app: tiwerengere limodzi

Dziko lino lili ndi lamulo la ngongole, National Credit Act la 2005, lomwe lidayamba kugwira ntchito mokwanira mu Juni 2007. Bungwe loyang'anira ndi National Credit Regulator, mwachidule NCR. Aliyense wochita bizinesi yokongoza ndalama ayenera kulembetsa kumeneko, ndipo amapatsidwa nambala yoyamba ndi zilembo NCRCP. App kapena tsamba limene silikuonetsa nambala imeneyi, lisiyeni.

Pa ngongole zing'onozing'ono zosapitirira R8,000 zobweza pasanathe miyezi 6, malire adaikidwa mu 2016: chiwongola dzanja chisapitirire 5 peresenti pa mwezi pa ngongole yoyamba, ndi 3 peresenti pa ngongole zotsatira m'chaka chomwecho. Achinyamata ambiri akamva 5 peresenti amati n'zotchipa. Dikirani kaye. Lamulo limalolanso ndalama yotsegulira ngongole ndi ndalama yoyendetsera ngongoleyo mwezi uliwonse.

Tiwerengere pa R1,000 yobweza pakutha pa mwezi umodzi, wokongozayo atalipiritsa mpaka pa malire. Yotsegulira ndi R165, kuphatikiza VAT ikufika pafupifupi R190. Yoyendetsera ndi R60, ndi VAT ikukwana R69. Chiwongola dzanja ndi R50. Zonse pamodzi mubweza pafupifupi R1,309, ndipo ena amaonjezerapo inshulansi. Kwa wolandira R28.79 pa ola, R309 yapamwambayo ndi maola oposa 10 a ntchito, kuposa tsiku lathunthu logwirira ulere. Dziwani kuti uyu ndi wokongoza wotsata lamulo.

Chimene chimachitika kenaka n'chodziwika. Pakutha pa mwezi R1,309 yachoka, malipiro aperewera, ndiye pa 10 mwakongolanso R1,000. Mukatero miyezi 12, zapamwamba zokha zimadutsa R3,000, pamene ndalama imene mwakhala mukuzunguza ndi R1,000 yomwe ija. Imeneyo ndi ndalama yoti ikadagula malata angapo kumudzi.

Choncho musamafunse kuti “ndizilipira zingati pa mwezi?” Funsani kuti “zonse pamodzi ndibweza zingati, ndipo pofika liti?” Lamulo likuti musanavomere akupatseni pepala losonyeza mtengo wonse, ndipo mtengowo sayenera kuusintha kwa masiku 5 ogwira ntchito. Muli ndi nthawi yopita nalo kunyumba n'kuonetsa munthu wina. Safunsa adadya phula. Wokongoza ayeneranso kuona kaye ngati mungathe kubweza, n'chifukwa chake amafuna sitetimenti kapena mapepala a malipiro. Akakongoza osafufuza, khoti likhoza kuchepetsa kapena kuthetsa ngongoleyo. Koma ngati inuyo mudanama za malipiro anu, chitetezo chimenechi mwachitaya nokha.

Chenjeraninso ndi uthenga wa pa WhatsApp kapena Facebook wokulonjezani ngongole “mukangotumiza kaye R300 ya mafomu”. Wokongoza weniweni safuna kuti mumutumizire ndalama asanakupatseni yake. Amenewo ndi akuba basi.

Katapila wa kuno

Ambiri mwa achinyamata athu ali ndi pasipoti yokha, ndipo mabanki ndi ma app ambiri amafuna ID ya dziko lino kapena pemiti. Akakanidwa kumeneko amathera kwa mashonisa, katapila wa kuno. Naye masiku ano ali pa WhatsApp, ndipo amatumiza ndalama pa eWallet m'mphindi zochepa. Ena amafuna mpaka R50 pa R100 iliyonse pa mwezi: mwatenga R1,000, mubweza R1,500, mukalephera amawerengera pa R1,500 ija.

Dziwani kuti lamulo limaletsa wokongoza aliyense kusunga khadi lanu la kubanki, PIN, ID kapena pasipoti ngati chikole. Wochita zimenezi akupalamula mlandu, ndipo mukhoza kukanena ku NCR kapena kupolisi. Pasipoti yanu ndi katundu wa boma la Malawi. Mukaisiya m'manja mwa munthu ndiye kuti mwadzimanga nokha, chifukwa simungayende, simungalandire ndalama pa kauntala, ngakhale maliro atagwa kumudzi.

Debit order

Ngongole zambiri zimadulidwa zokha mu akaunti kudzera pa debit order. Kuyambira 2021 zambiri mwa izi zimadutsa pa DebiCheck: banki imakutumizirani uthenga wosonyeza dzina la kampani, ndalama ndi tsiku, kuti muvomere. Werengani musanadine, chifukwa mukavomera kumakhala kovuta kudzakana pambuyo pake. Ngati tsiku lodula lafika mu akaunti mulibe ndalama, banki imalipiritsa chindapusa, wokongozayo naye amaonjezera zake. Mukaona kuti mwezi uno zivuta, imbani foni tsikulo lisanafike n'kupempha kuti asinthe tsiku. Ndipo mwezi uliwonse yang'anani sitetimenti mzere ndi mzere. Mukapeza kandalama kodulidwa komwe simukukadziwa, ngakhale R49, kadandauleni kubanki msanga.

Dzina lanu musabwereketse

Apa ndi pamene tikuona misozi yambiri pakati pathu. Wina ali ndi mapepala, mnzake kapena msuweni wake alibe. Ndiye amapempha: “Achimwene, nditengereni foni pa dzina lanu, ndizikupatsani mwezi ndi mwezi.” Kapena: “Asisi, abwana azitumiza malipiro anga mu akaunti yanu.” Kukana kumaoneka ngati nkhanza, poti tonse ndife a kumudzi kumodzi. Koma pamaso pa lamulo, ngongole ndi ya amene dzina lake lili pa pepala. Msuweni akachotsedwa ntchito, akasamukira ku Durban kapena akabwerera kumudzi, kampani sidzamufuna iyeyo, idzafuna inuyo.

Mbiri ya momwe mumabwezera imalembedwa ku mabungwe osunga kaundula wa ngongole monga TransUnion, Experian ndi XDS. Dzina likada kumeneko, mudzavutika kupeza kontrakiti ya foni, nyumba ya lendi yodzera kwa ma agent, ngakhale ntchito zina zogwira ndalama. Muli ndi ufulu woona lipoti lanu kwaulere kamodzi pa chaka ku bungwe lililonse mwa amenewa, ndi kutsutsa zimene zalembedwa molakwika.

Choopsa kwambiri ndi munthu wokupemphani kuti ndalama yake “ingodutsa” mu akaunti yanu, n'kukupatsani R200 ya zikomo. Kawirikawiri ndalama yotero ndi yakuba. Wobedwayo akadandaula, dzina limene limaoneka ndi lanu. Akaunti imatsekedwa pamodzi ndi malipiro anu momwemo, mukhoza kulembedwa m'kaundula wa achinyengo wa SAFPS kotero kuti mabanki ena adzakukanani, ndipo apolisi akhoza kukumangani. Kwa munthu wobwera, mlandu wotere umaononganso mapepala okhalira m'dziko muno. N'chimodzimodzi ndi SIM khadi yolembetsedwa pa dzina lanu: musaipereke kwa wina.

Nambala ya OTP ndi PIN musauze munthu, ngakhale woimba foniyo anene kuti ndi wa kubanki ndipo akudziwa dzina lanu lonse. Banki sifunsa zimenezo. Foni ikangosiya kugwira netiweki mosadziwika bwino, imbirani kubanki ndi foni ina nthawi yomweyo, chifukwa mwina wina wasamutsira nambala yanu pa SIM yake. Inu oluka tsitsi, osoka ndi ogulitsa katundu pa Facebook, musakhulupirire chithunzi chosonyeza kuti munthu walipira, kapena SMS yokha. Tsegulani app yanu muone kuti ndalama yalowadi musanapereke katundu.

Kubetcha

Sitingamalize osatchula kubetcha pa mpira ndi kandege kaja. Pa sitetimenti zambiri timaona R20, R50, R20, usiku wonse mpaka mbandakucha. Masewerawa adakonzedwa kuti pamapeto pake kampani ndiyo ipindule. Amene wayamba kukongola kuti abetche, kapena kubetcha kuti abweze ngongole, wafika pofunika thandizo, ndipo si zochititsa manyazi. Pali nambala yaulere ya uphungu ya National Responsible Gambling Programme: 0800 006 008.

Nanga a kumudzi?

Kale kalata yopempha thandizo inkayenda masabata. Lero uthenga umafika pakati pa usiku: feteleza, fizi, mayi ali kuchipatala. Kuchokera pamene ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu kumudzi zidakwera mtengo ndipo zopempha zidachuluka. Mnyamata wa zaka 22 amachita manyazi kunena kuti alibe, poti ali ku Joni, ndiye amadina batani la ngongole. Akumudzi amalandira R1,000 osadziwa kuti mwana wawo abweza R1,300 kapena R1,500.

Malangizo athu ndi akuti mugwirizane ndi akumudzi ndalama imodzi yodziwika pa mwezi ndi tsiku lake, n'kuwauza zoona za malipiro ndi lendi yanu. Zinthu zodziwika nyengo yake, monga feteleza ndi fizi, yambani kusungira miyezi isanakwane. Potumiza, yerekezani makampani awiri kapena atatu poona makwacha amene akafike m'manja mwa wolandira, osati ndalama yotumizira yokha. Osintha ndalama a pa WhatsApp amalonjeza mtengo wokwera, koma akathawa nayo mulibe risiti kapena kokadandaula. Ndipo uthenga wakuti “ndasintha nambala, tumizani pa iyi” musaukhulupirire musanamve mawu a munthuyo.

Ngati mwatitimira kale

Musathawe, musasinthe nambala. Lembani ngongole zonse pa pepala limodzi: kwa ndani, zingati, tsiku lodula. Mukateteza lendi ndi chakudya, yambani kuthana ndi ngongole yodula kwambiri. Ngongole zing'onozing'ono mukhoza kuzibweza nthawi isanakwane popanda chilango.

Dziwaninso maufulu anu, chifukwa lamuloli limateteza wokongola aliyense posatengera dziko limene adachokera. Munthu samangidwa chifukwa cholephera kubweza ngongole wamba. Khoti la Malamulo Aakulu lidathetsa zimenezo mu 1995. Wokongoza asanapite kukhoti ayenera kukutumizirani kalata yochenjeza, imene amaitcha section 129. Musaitaye, fulumirani kufuna thandizo. Pa nthawi imene mwalephera kubweza, chiwongola dzanja ndi zolipiritsa zina zimene zikuunjikana siziyenera kuposa ngongole yeniyeni imene idatsala. Kudula ngongole pa malipiro kudzera kwa bwana mokakamiza kumafuna chilolezo cha majisitireti, monga khoti lomwelo lidagamulira mu 2016, ndipo zodulidwazo zisapitirire 25 peresenti ya malipiro anu. Ngongole wamba imene patha zaka zitatu osalipirako, osaivomera ndiponso osalandira samoni imakhala yakufa pa lamulo, choncho wina akakuimbirani za ngongole yakalekale, funsani kaye uphungu musanalonjeze kanthu.

Pali njira ya debt review, pamene mlangizi wolembetsedwa ku NCR amakambirana ndi onse amene akukudani ngongole kuti muzilipira mochepa kwa nthawi yaitali. Imathandiza, koma ili ndi malipiro ake ndipo simuloledwa kukongolanso mpaka mutamaliza, ndiye musaivomere pa foni kwa munthu amene wangokuimbirani. Nambala ya NCR ndi 0860 627 627. Mukasemphana ndi banki kapena wokongoza, National Financial Ombud, yomwe idayamba mu Malichi 2024, imamva madandaulo kwaulere.

Zoti tiyambe mwezi uno

Tsiku lamalipiro, musanagule chilichonse, patulani kandalama, ngakhale R100, muike m'kathumba kosungira ka mu app kapena mu akaunti ina imene khadi lake simuyenda nalo. Mukafika pa R1,000, ndiye kuti tsiku la vuto mudzadzikongoza nokha popanda R309 ija. Tsitsani malire a ndalama yotuluka pa khadi pa tsiku. Ya chakudya ndi thiransipoti ya sabata, ena amaona chanzeru kuitapa kamodzi n'kuigwira m'manja kuti aziona ikutha. Ngongole ikhale imodzi pa nthawi imodzi, ndipo chinthu chosafunika lero chigonereni kaye usiku umodzi. Chipereganyu kapena stokvel ya anthu odziwana ikadali njira yabwino, bola zonse zilembedwe ndipo ndalama isakhale mu akaunti ya munthu mmodzi.

Kwa inu makolo, amalume ndi azakhali amene mudawalandira anawa atangotsika basi: iwo amaidziwa foni kuposa ife, koma ife tikudziwa kuwawa kwa katapila. Musawakalipire, chifukwa mwana wokalipiridwa amabisa ngongole mpaka itakula. Khalani nawo pansi Lamlungu masana, iwo atsegule app, inu mugwire pepala ndi cholembera, muwerengere limodzi. Amene ali ndi kalata kapena uthenga wa ngongole umene sakuumvetsa abwere nawo tikakumana, tidzauwerenge pamodzi.